ZIMBABWE: Maboti osangalalira sakhoma msonkho wa pachaka, koma ngolo zowanyamula zimakhoma

CONCESSION, Zimbabwe — Damu la Mazowe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda wa Harare. Linamangidwa m'chaka cha 1920 kuti lizithirira minda ya malalanje ya m'chigwa cha Mazowe, ndipo mu 1961 khoma lake linakwezedwa kuti lizisunga madzi ochuluka. Kupatula ulimi, damuli linatchuka ndi masewera a pamadzi. Kalabu ya Hunyani Rowing Club inakhazikika pamenepa, ndipo ana a sukulu za ku Harare monga Prince Edward, St George's ndi Arundel ankabwera kudzaphunzira kupalasa maboti a mpikisano.

Chakumpoto pang'ono kwa damuli kuli tawuni yaing'ono ya Concession, komwe kuli likulu la khonsolo ya Mazowe Rural District Council. Khonsoloyi ndi yomwe ili ndi udindo wokonza misewu ya fumbi komanso kusamalira zipatala zazing'ono, misika ndi mijigo m'dera lomwe pa kalembera wa 2012 munali anthu oposa 200,000. Ndalama zogwirira ntchitozi imazipeza, mwa zina, pokhometsa msonkho eni minda, eni migodi, eni mashopu ndi mabanja a kumidzi. Koma boti losangalalira, ngakhale litakhala la mtengo woposa nyumba khumi za kukomboni, silikhoma msonkho wa pachaka wowerengedwa potengera mtengo wake. M'malamulo a dziko la Zimbabwe mulibe msonkho wotere.

M'mayiko ena msonkhowu ulipo, ndipo mwini boti amalandira kalata yomukumbutsa chaka ndi chaka. Kusiyana kumeneku kumakhudza anthu a ku Concession, makamaka mabanja omwe kale ankagwira ntchito m'mafamu, ambiri mwa iwo zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Khonsolo ikasowa ndalama, chipatala chomwe chimasowa mankhwala ndi chawo, ndipo msewu womwe umakumbika ndi mvula ndi womwe iwo amayendamo.

Msonkho wa katundu woyenda

Akatswiri a zamisonkho amagawa katundu m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la katundu wosasuntha, monga munda ndi nyumba. Gulu lachiwiri ndi la katundu yemwe mwini wake akhoza kumunyamula kapena kumuyendetsa: galimoto, thirakitala, ziweto, ndege yaing'ono ndi boti. Pafupifupi mayiko onse amakhometsa msonkho gulu loyambalo. Msonkho wa pachaka pa gulu lachiwiri ndi wofala kwambiri m'zigawo zina za dziko la America, komwe ndalama zake zimapita kwa makhonsolo ndi sukulu za m'deralo, osati ku boma lalikulu la ku Washington.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Wogwira ntchito ku khonsolo amayerekeza mtengo wa botilo pa tsiku loikika la chaka, ndipo pa mtengowo amawerengerapo gawo lomwe lamulo linakhazikitsa. M'chigawo cha Massachusetts gawolo ndi madola 10 pa madola 1,000 alionse, kutanthauza kuti boti lomwe khonsolo yaliika pa mtengo wa madola 20,000 limakhoma madola 200 pa chaka. Ku Missouri amayamba atenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa botilo, kenako n'kuwerengera msonkho pa gawo limenelo. Zigawo zina, monga Delaware, zilibiretu msonkhowu.

Pali kusiyana pakati pa msonkho ndi ndalama ya chiphaso, ngakhale kuti pa Chichewa zonsezi nthawi zambiri zimangotchedwa msonkho. Ndalama ya chiphaso munthu amalipira kuti aloledwe kuchita chinthu, monga kuyendetsa boti pa nyanja, ndipo akasiya kuchitacho amasiyanso kulipira. Msonkho wa katundu sufunsa ngati botilo linalowa m'madzi kapena linangogona pansi pa mtengo chaka chonse. Mwini wake amakhoma chifukwa chokhala nalo basi. Ganizo lake ndi lakuti munthu amene angathe kugula chinthu chongosangalalira angathenso kuthandiza kumanga sukulu.

Zomwe boti limalipira ku Zimbabwe

Kusakhoma msonkho wa pachaka sikutanthauza kuti boti limayenda ulere. Ndalama yoyamba imalipidwa pa chipata cha dziko. Maboti ena amapangidwa ku Harare, koma injini zake pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo bungwe lotolera misonkho la ZIMRA, lomwe linayamba ntchito mu 2001, limatenga msonkho wolowetsera katundu m'dziko. Pamwamba pake pali msonkho wa VAT, womwe unayamba mu Januwale 2004 pa mlingo wa 15 peresenti. Izi zimalipidwa kamodzi kokha, pogula. Boti likagulitsidwa kwa mnansi patatha zaka khumi, kapena likasiyidwa ngati chuma cha masiye, silibwereranso pa chipata.

Ndalama yachiwiri ndi ya kalembera. Lamulo la Inland Waters Shipping Act limafuna kuti maboti oyenda pa nyanja ndi madamu omwe boma linawatchula alembetsedwe ku unduna wa zamtengatenga, ayesedwe ngati ali abwino, ndipo owayendetsa akhale ndi ziphaso. Cholinga cha lamuloli ndi kuteteza miyoyo, osati kupezera boma ndalama. Kufunika kwake kunaoneka pa tsiku la Khirisimasi mu 2011, pomwe boti lomwe linanyamula anthu opitirira muyezo linagubuduka pa nyanja ya Chivero, kufupi ndi Harare, ndipo ana 11 anamira.

Ndalama yachitatu imalipidwa pa geti. Nyanja za Kariba, Chivero ndi Manyame zili m'manja mwa bungwe loona za nyama zakutchire la Zimparks, lomwe limalipiritsa polowa, poika boti m'madzi komanso powedza nsomba. Bungweli limadalira kwambiri ndalama zomwe limadzitolera lokha. Ku Kariba, komwe mpikisano wowedza nsomba za mcheni wakhala ukuchitika kuyambira 1962, maboti akuluakulu okhala ngati nyumba omwe amabwerekedwa kwa alendo amalipiranso 2 peresenti ya ndalama zomwe apeza ku bungwe loona za alendo odzacheza m'dziko.

Pomaliza pali ngolo ya matayala yomwe galimoto imakoka ponyamula botilo. Ngoloyi imayenda pa msewu, choncho imalembetsedwa ngati galimoto ndipo chiphaso chake chimagulidwa mobwerezabwereza ku bungwe la misewu la ZINARA. Zotsatira zake n'zakuti chitsulo chotchipa chomwe chili pansi chimalipiridwa chaka chilichonse, pomwe boti la mtengo wapatali lomwe lakhala pamwamba pake silifunsidwa mtengo wake. Kale ndalama za ziphaso za magalimoto zinkatoleredwa ndi makhonsolo, koma cha m'ma 2010 ntchitoyi inasamutsidwira ku ZINARA, yomwe imagawira makhonsolo ndalama zokonzera misewu kuchokera ku likulu.

Ndalama zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: zimapita ku mabungwe a boma lalikulu. Khonsolo yomwe msewu wake wa fumbi umafika pa gombe la damu imayenera kudikira gawo lake kuchokera ku Harare.

Msonkho wa nyumba, ndi njira ya ku Halale

Dera la Mazowe linadziwa msonkho kale kwambiri. Kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company inakhazikitsa msonkho wa nyumba wa mashileni 10 mu 1894, ndipo msonkhowu, pamodzi ndi kulandidwa kwa ng'ombe ndi ntchito yokakamiza, unali m'gulu la madandaulo omwe anabutsa nkhondo ya 1896. M'chigwa chomwechi ndi momwe munkakhala Mbuya Nehanda, yemwe atsamunda anamunyonga mu 1898. Mu 1904 msonkhowo unasinthidwa kukhala paundi imodzi pa mwamuna aliyense wamkulu, ndi mashileni 10 owonjezera pa mkazi aliyense wachiwiri kapena wachitatu. Pambuyo pake kunabweranso msonkho wa agalu ndi ndalama za dibi la ng'ombe. Atsamunda, m'mawu ena, sanavutike kukhometsa msonkho katundu woyenda pomwe katunduyo anali wa munthu wakuda.

Nakonso ku Nyasaland, boma la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Mwamuna wopanda ndalama ankayenera kugwira thangata m'minda ya azungu kapena kupita kutali kukasaka ndalama. Ambiri anasankha ulendo wa ku Halale. Ankayenda pansi kudzera m'chigawo cha Tete, n'kuwoloka Zambezi, n'kulowa m'dziko la Southern Rhodesia kudzera ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Njira ya ku Mount Darwin imatsikira m'chigwa cha Mazowe, ndipo ambiri sanafike n'komwe mu mzinda: anapeza ntchito m'migodi ya golide ndi m'mafamu a chimanga, fodya ndi malalanje a ku Bindura, Glendale ndi Concession. M'zaka za m'ma 1930 boma la Rhodesia linayambitsa malole a Ulere onyamula anthuwa, ndipo kuyambira mu 1946 bungwe lomwe ku Malawi linkadziwika kuti Mthandizi linkalemba anthu ntchito kumudzi komweko. Omwe sanabwererenso kwawo anatchedwa matchona. Ana awo ndi zidzukulu zawo ndi omwe mpaka lero amavina gule wamkulu m'makomboni a ku Mashonaland, gule yemwe Ashona amamutcha zvigure.

Anthu amenewa ndi omwe anagwira ntchito yomanga madamu ambiri a m'mafamu. Dziko la Zimbabwe lili ndi madamu zikwizikwi, ndipo ochuluka anamangidwa ndi alimi akuluakulu kuti azithirira tirigu nyengo yachisanu. M'madamuwo anaikamo nsomba za mtundu wa bass zochokera ku America, zomwe zinafika m'dzikoli m'zaka za m'ma 1930, ndipo kuwedza nsombazi pa boti la injini kunasanduka masewera a Loweruka ndi Lamulungu a mabanja a eni mafamu.

Boti lotere silinkafunika msonkho wapadera chifukwa mwini wake ankakhoma kale msonkho wa munda. Motsatira lamulo la Rural Councils Act la 1966, madera a mafamu anali ndi makhonsolo awoawo, omwe ankatolera msonkho kwa alimi potengera kukula kwa famu n'kumakonzera misewu yopita ku mafamu omwewo. Okhoma, osankha makhansala ndi opindula anali anthu amodzimodzi. Midzi ya anthu akuda, monga Chiweshe, inali ndi makhonsolo ena osauka. Boma la Zimbabwe linakhazikitsa lamulo lophatikiza makhonsolo awiriwa mu 1988, ndipo kuphatikizako kunachitika mu 1993. Ngakhale zinali choncho, ogwira ntchito m'mafamu sankaloledwa kuponya voti pa chisankho cha makhansala mpaka chaka cha 1998, chifukwa sanali eni malo kapena okhoma msonkho wa khonsolo. Kwa zaka 18 dziko litalandira ufulu, wantchito wa kukomboni ankatha kusankha phungu wa nyumba ya malamulo koma osati khansala wa dera lomwe ankagonamo.

Zomwe zinasintha mu 2000

Ndondomeko yogawanso minda mwachangu, yomwe boma la Robert Mugabe linaikhazikitsa mu Julaye 2000, inachotsa m'mafamu alimi achizungu ambiri mwa alimi pafupifupi 4,500 omwe analipo. Minda ya ku Mazowe inalimbiranidwa kwambiri chifukwa cha nthaka yake yachonde komanso kuyandikira kwake ku Harare. Kafukufuku yemwe Lloyd Sachikonye anachitira bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe mu 2003 anapeza kuti mwa ogwira ntchito m'mafamu oposa 300,000, pafupifupi 200,000 anali atachotsedwa ntchito, ndipo ochepa kwambiri ndi omwe analandira malo. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wochokera ku mayiko oyandikana nawo kapena mwana wa anthu otero, ndipo analibe mudzi wobwererako.

Munda unatsala pomwe unali. Damu nalonso linatsala. Koma katundu wa matayala, kuphatikizapo maboti, anatha kukokedwa kupita ku Harare, ku Kariba kapena kunja kwa dziko, komwe alimi ena anakayambiranso ku Zambia ndi ku Mozambique. Pa madamu ambiri a m'mafamu, boti la injini linalowedwa m'malo ndi bwato, ukonde ndi chubu cha tayala chomwe msodzi amakhalapo ataviika miyendo m'madzi. Kwa banja lomwe malipiro ake anatha, nsomba za m'damu zinakhala ndiwo komanso ndalama ya sopo ndi mchere.

Khonsolo inataya okhoma msonkho ochepa omwe inkawadziwa ndi mayina, n'kupeza alimi atsopano zikwi zambiri, ena a minda yaing'ono ya A1 ndi ena a minda yaikulu ya A2, omwe ambiri analibe zikalata za umwini wa malo. Kenako ndalama ya dziko inagwa. Boma lenilenilo linalengeza kuti pofika Julaye 2008 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka, moti msonkho woikidwa mu Januwale unali wopanda ntchito pofika mwezi wotsatira. Ndalama zakunja zitayamba kugwiritsidwa ntchito mu Febuluwale 2009 zinthu zinakhazikikako, koma mu Julaye 2013, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho chichitike, nduna ya maboma aang'ono Ignatius Chombo inalamula makhonsolo onse kuti akhululukire ngongole zomwe anthu anali nazo kuyambira 2009. Omwe ankalipira mokhulupirika anaona kuti anzawo osalipira ndi omwe apindula.

Mu 2015 boma linaika mitengo yofanana m'dziko lonse: mlimi wa A1 azilipira madola 10 a lendi ndi madola 5 a chitukuko pa chaka, pomwe wa A2 azilipira madola 3 a lendi ndi madola 2 a chitukuko pa hekitala iliyonse. Ndalamazi zinkatoleredwa ndi unduna wa zamalo, ndipo makhonsolo anadandaula kuti gawo lawo silinkawafika pa nthawi yake. Khonsolo yomwe yapanikizika chotere imatembenukira kwa anthu omwe ingathe kuwapeza mosavuta: mayi wogulitsa tomato pa msika, mwini chigayo, mwini golosale, mwini ng'ombe. Onsewa sangathawe, chifukwa malonda awo ali pomwe iwo amakhala.

Chifukwa chake boti ndi lovuta kuligwira

Poona zonsezi, ganizo lokhometsa msonkho maboti osangalalira limamveka lachilungamo. Koma zomwe zinachitika m'mayiko omwe anayesapo zimaonetsa kuti ndalama zomwe zimatuluka sizifanana ndi zomwe zimayembekezeka.

Mu 1990 nyumba ya malamulo ya ku America inavomereza msonkho wa 10 peresenti pa gawo la mtengo wa boti latsopano lopitirira madola 100,000. Msonkhowu unayamba mu Januwale 1991, nthawi yomwe chuma cha dzikolo chinali chitalowa kale pansi. Anthu olemera anangosiya kugula maboti atsopano, kapena kugula akale omwe msonkhowo sunkawakhudza. Omwe anavutika anali amisiri opanga mabotiwo: kampani ya Viking Yachts ya ku New Jersey inachepetsa antchito ake kuchoka pa oposa 1,000 kufika pa osakwana 100. Msonkhowo unathetsedwa mu Ogasiti 1993. Akatswiri amatsutsanabe kuti ndi gawo lotani la mavutowo lomwe linadza ndi msonkho ndipo ndi lotani lomwe linadza ndi kugwa kwa chuma, koma boma silinafune kuyesanso.

Vuto lina ndi lakuti boti limasankha lokha kokhala. Chigawo chaching'ono cha Rhode Island chinachotsa msonkho wogulira maboti mu 1993, ndipo chinayamba kukopa maboti a m'zigawo zoyandikana nacho. Mu 2010 nyuzipepala za ku Boston zinalemba kuti John Kerry, yemwe pa nthawiyo anali seneta wa Massachusetts, ankasunga boti lake latsopano la madola 7 miliyoni pa doko la Newport ku Rhode Island, zomwe zikanamupulumutsa ku misonkho ya kwawo yokwana pafupifupi theka la miliyoni. Nkhaniyo itabuka, Kerry analengeza kuti alipira. Eni maboti ena zikwizikwi omwe amachita chimodzimodzi salembedwa m'nyuzipepala.

Ku Italy, boma la Mario Monti linakhazikitsa msonkho wa maboti mu Disembala 2011 pofuna kuchepetsa ngongole za dziko. Maboti ambiri anasamukira ku madoko a ku Croatia ndi ku France, eni madoko a ku Italy anataya makasitomala, ndipo ndalama zomwe zinatoleredwa zinali gawo lochepa chabe la zomwe boma linkayembekezera. Msonkhowo unachotsedwa kuyambira mu 2016.

Ngati boti lalikulu la pa nyanja ya mchere lingathawe chonchi, boti la pa ngolo lingathawe mosavuta koposa. Mwini wake amakhala ku Harare, amalisunga m'galaja ya nyumba yake, amaliika m'madzi a ku Mazowe tsiku limodzi, ndipo mwezi wotsatira amapita nalo ku Kariba. Makhonsolo atatu akhoza kunena kuti botilo ndi lawo, ndipo yomwe ingayambe kukhometsa ikhoza kungolithamangitsira kwa inzake. Madamu a Chivero ndi Manyame ali pa mtunda woyenda ola limodzi kapena awiri kuchokera ku Mazowe. Damu la Mazowe lenilenilo silidalirika: chilala cha m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 chinalitsitsa mpaka kutsala pang'ono kuuma, ndipo damu lopanda madzi silikopa boti lililonse.

Kuyerekeza mtengo ndi nkhani inanso. Ku America kuli mabuku a mitengo ya maboti akale omwe makhonsolo amagwiritsa ntchito. Ku Zimbabwe maboti ambiri ndi akale, okonzedwakonzedwa, ndipo amagulitsidwa pamanja. Ndalama yowerengera mtengowo nayonso yakhala ikusintha: dola ya America kuyambira 2009, dola ya Zimbabwe yomwe inabwerera mu 2019, ndi ZiG yomwe inayamba mu Epulo 2024. Khonsolo ikhoza kuononga ndalama zambiri polemba ntchito munthu woyerekeza mitengo ndi kumugulira mafuta kuposa zomwe ingatolere pa maboti ochepa omwe angapezeke.

Boma lalikulu litaganiza zokhometsa msonkho anthu olemera, linasankha katundu wosasuntha. M'ndondomeko ya zachuma ya 2024, nduna ya zachuma Mthuli Ncube inabweretsa msonkho wa 1 peresenti pa nyumba za mtengo wopitirira madola 250,000, kupatula nyumba yomwe mwini wake amakhalamo. Poyamba ndunayi inafuna kuti malirewo akhale madola 100,000, koma anthu ndi aphungu atadandaula anakwezedwa. Maboti sanatchulidwe. Nyumba ili ndi nambala ya puloti ndipo singakokedwe usiku.

Njira yomwe ingatheke, ndi ngozi yake

Mayiko ena anasiya kufunsa mtengo wa boti n'kuyamba kuyeza utali wake. Ku Greece, kuyambira mu 2019, boti losangalalira la mamita 7 kapena kuposerapo limalipira ndalama yoikika pa mwezi uliwonse womwe lili m'madzi a dzikolo, posatengera kuti mwini wake ndi wa dziko liti. Utali sufuna katswiri, umangofuna chingwe choyezera, ndipo ndalamayo imalipidwa pomwe botilo lili, osati komwe mwini wake amagona. Kwa khonsolo ngati ya Mazowe, njira yofanana ndi imeneyi, yolipiritsa pa malo oikira boti m'madzi, ndi yokhayo yomwe ingabweretse ndalama zoposa zomwe zingaonongedwe potolera. Ngakhale pamenepo, ndalamazo zingakhale zochepa poyerekeza ndi msonkho wa minda ndi migodi womwe sutoleredwa mokwanira.

Khonsolo singangodzuka n'kuyamba kulipiritsa. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amanena kuti msonkho uliwonse uyenera kukhala ndi chilolezo cha malamulowo kapena cha lamulo lopangidwa ndi nyumba ya malamulo. Komanso madzi si a khonsolo. Lamulo la Water Act la 1998 linathetsa umwini wa madzi womwe eni mafamu anali nawo, n'kuika madzi onse m'manja mwa boma. Bungwe la ZINWA ndi makhonsolo asanu ndi awiri oyang'anira mitsinje ikuluikulu, imodzi mwa iyo ya mtsinje wa Mazowe, ndi omwe amapereka zilolezo zogwiritsira ntchito madzi. Choncho pa damu limodzi pakhoza kukhala ZINWA, Zimparks, unduna wa zamtengatenga, mlimi yemwe munda wake wafika pa gombe, ndi khonsolo, aliyense ndi lisiti lake. Malamulo a 2013 omwewo amalamula kuti ndalama zosachepera 5 peresenti za zomwe boma latolera zizipita ku zigawo ndi makhonsolo, ndipo kwa khonsolo ya kumudzi kulandira gawo limeneli lonse ndi pa nthawi yake n'kwa phindu kuposa msonkho wina uliwonse wa maboti.

Ngozi yaikulu ili pa tanthauzo la mawu. Lamulo lolembedwa mosasamala, longonena kuti chombo chilichonse choyandama chilipire, silingasiyanitse boti la injini ndi bwato la msodzi. Mwini boti la injini akaona kuti mtengo wakwera amapita ku damu lina. Msodzi wa kukomboni alibe ngolo ndipo alibe damu lina. Iye ndi amene mlonda wa khonsolo angamupeze pa gombe m'mawa uliwonse. Asodzi a maukonde amafunika kale chilolezo motsatira lamulo la Parks and Wildlife Act, ndipo opanda chilolezo amalandidwa maukonde ndi kulipitsidwa chindapusa. Msonkho womwe cholinga chake ndi kugwira olemera ukhoza kuthera pa iwowa ngati malire a utali wa boti kapena kukula kwa injini sanalembedwe momveka.

Mitengo yatsopano ya khonsolo imayenera kuikidwa poyera isanayambe kugwira ntchito, ndipo anthu a m'deralo amapatsidwa nthawi yopereka madandaulo awo ndondomeko ya zachuma isanavomerezedwe ndi nduna. Kwa mabanja ochokera ku Malawi, mwayi wolankhulapo umenewu unabwera mochedwa ndipo unatayikanso. Patangotha zaka zitatu chilandirireni voti ya makhansala, lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti aliyense yemwe angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane motsatira malamulo a dziko linalo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri a m'makomboni, omwe anali asanapondeko ku Lilongwe kapena ku Blantyre, sanathe kutero, ndipo anawerengedwa ngati alendo opanda voti. Gawo 43 la malamulo a 2013 linabwezeretsa unzika kwa aliyense wobadwira mu Zimbabwe yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, malinga ngati ankakhala m'dzikomo pomwe malamulowo ankayamba kugwira ntchito. Kuti dzina lake lilowe m'kaundula wa oponya voti, munthu wotere amayenera kupita ku ofesi ya kalembera ndi kalata yake ya kubadwa n'kukasinthitsa chitupa chakale chomwe chinamulemba kuti ndi mlendo.